Tsiku Limene Bambo Anayamikira Nkhanu Yopenta

Biloxi, Mississippi
Kumapeto kwa Epulo

Wokondedwa mlongo wanga Emile,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, paja malemu mayi ankati munthu sulowa m'nyumba ya mnzako nkhani ili pamutu usanaodire. Uli bwanji kumeneko ku Alaska, kumathero a dziko? Zala zikadali zonse, kapena chisanu chadyako zina? Nanga mlamu wanga Tasha? Nanga kamwana kathu Willa, kamene ndimangokaona pa foni kakundionetsa mano atsopano ngati kakufuna kundiluma?

Ife kuno tadzuka. Alamu ako a Curtis ali bwino, kupatula bondo lija limene limawapweteka pokhapokha udzu wa pabwalo ukatalika. Ine ndikadali kukoleji, kuphunzitsa ana a eni mbiri yakale, iwo nkumandiphunzitsa kuleza mtima.

Bambo nawonso alipo. Za iwo ndinena bwinobwino m'munsimu, ndipo usadumphe mizere kusaka pamene pali dzina lawo. Ndikukudziwa.

Udabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Foni ili ndi kabatani kofiira, ndipo chala chako chimakapeza msanga kabataniko ndikangoti "Bambo akuti". Pepala lilibe kabatani. Ukhoza kulikwinya ukafuna, koma Tasha adzalitola nkuliwongola. Ndinamuuza kale.

Nkhani yake ndi ya kwa Vuwo.

Ukukumbuka mmene kunalili kasino ameneyu atangotsegulidwa, pamalo pomwe panali fakitale imene mayi ankasendako shirimpi, tinkhanu tating'onoting'ono ta m'nyanja tija. Chimbalame cha magetsi chija pamwamba pa denga, mlomo wake ukuthwanima mpaka asodzi ankachiona ali pakati pa nyanja. Ife juga sinkatikhudza. Bambo ankati munthu amene waponyapo khoka m'madzi wasewera kale juga yokwanira moyo wonse. Chathu chinali chakudya cha Lachisanu, chodzigawira wekha mpaka mimba ikane.

Ndiye chinali chakudyatu, Emile! Miyendo ya nkhanu itaunjikidwa ngati nkhuni, nthunzi ili tolotolo. Batala weniweni wosungunula, aliyense kambale kake. Mkulu wa chipewa choyera akukutsegulira nkhono za m'nyanja iwe uli pomwepo. Shirimpi za m'nyanja yathu yino, zina zochokera m'boti lathu lomwe lija lotchedwa Miss Odile. Iwe unkadya mpaka kumasula batani la buluku, mayi nkumakutsina kunsi kwa tebulo kuti anthu akuona.

Tsopano tamvera mmene kulili lero, kuti usadzakomoke ukadzaona.

Miyendo ya nkhanu inayamba ndi kuonda. Inaonda mpaka kufanana ndi mapensulo a ana anga. Kenako anaichotsa pamulu paja nkuikapo munthu woigawa. Umapita ndi katikiti, iye nkukuikira m'mbale mwaulemu, maso pansi, ngati ukulandira ukaristia. Ukabwereranso kachiwiri amakuyang'ana ngati wabwera kudzaba m'tchalitchi. Batala uja anasanduka mafuta achikasu amene sagwira ngakhale uwaike mufiriji. Mkulu wa nkhono anapuma ntchito, ndipo pamalo pake pali mbatata yokazinga. Msuzi wa therere uja, umene supuni inkaimamo chilili, lero ukhoza kuwerengeramo nyuzi utaiika kunsi kwa mbale. Shirimpi zimabwera m'matumba, zosendasenda, kuchokera m'maiwe a kutsidya kwa dziko. Chimene chanenepa pamalo ponsepo ndi mtengo wokha. Ngakhale chimbalame chija magetsi a kumlomo anazima, sanawakonze, moti usiku chimaoneka ngati bakha wodwala chitopa.

Ndipo pakati penipeni, m'chimbale chachikulu cholembedwa kuti nkhanu, muli katundu wako. Nsomba yoyera ija imene mumaipera kufakitale kwanuko, nkuiumba timitengo, nkuipaka kofiira pamwamba.

Uganiza kuti Bambo analeka kupitako? Ayi ndithu. Lachisanu lililonse ali komweko ndi a Loc, mnzawo uja wa ku Vietnam amene ankalimbirana nawo malo oponya makoka zaka zonse zija, mpaka onse awiri anakalamba nkuona kuti palibenso wina womvetsa matukwano awo. Anthu ena amapita kukasino kukataya ndalama. Awiriwa amapita kukataya mawu.

Mwambo wake unali umodzimodzi. Bambo amatola shirimpi imodzi, kuinyamula m'mwamba, kuinunkhiza, nkupereka chigamulo. Amvekere, "Iyi nyanja sinaionepo. Yakulira m'chithaphwi ngati mbululu." A Loc amvekere, "Nanga mukuidyeranji, Kaputeni?" Bambo nkuti, "Ndikuibisa, anthu angaione, ingachite manyazi." Zikatero a Loc amatulutsa m'thumba la jekete kabotolo kawo ka msuzi wa nsomba zovunditsa, kamene amayenda nako kuti azikonzera chakudya cha eni ake. Akangokatsegula, Bambo amatseka mphuno nkukuwa kuti, "Iwe Loc, tseka manda akowo, anthu tikudya!"

Mtsikana wogawa zakumwa kumbali yawoyo, Shondra dzina lake, anawazolowera mpaka tsiku lina anawauza kuti, "Kaputeni, lero mwachedwa kutitukwana, ndinayamba kuda nkhawa." Usunge mawu amenewa, uwafuna kutsogoloku.

Chimene ndinene tsopano sindikunena kuti ndikupweteke. Ndi patebulo lomwelo pamene unawauza kuti wapeza ntchito ku Alaska, boti litagulitsidwa kale, pano palibe chogwira. Bambo anabaya kamtengo kofiira kaja ndi foloko, kukanyamula kuti onse aone, nati agogo athu anawoloka nyanja yonse kuchokera ku Croatia kuti mdzukulu wawo adzakhale wopenta nsomba. Anthu a matebulo oyandikana anaseka. Iwe unaimirira, chakudya chili chosatha, ndipo chichokereni tsiku limenelo sunakhale nawonso patebulo limodzi. Wakwatira, wabereka, iwo Willa sanamunyamulepo. Ine sindinakudzudzulepo, ndipo sindiyamba lero. Lilime lawo ndimalidziwa, ndakulira pansi pake ngati iwe.

Tsono chaka chathachi, cha ku Khirisimasi, Bambo anayamba kufewa.

Analeka kukangana ndi wailesi ya kanema. Ulaliki wa bambo mfumu ankangoumvera mpaka kumapeto osapumira m'mwamba. Ankakhala pakhonde kuyang'ana msewu, galimoto ya neba itaima pa udzu wawo, iwo phee. Tsiku lina ndinawapititsira msuzi nditaupsereza pang'ono, anadya wonse nkunena kuti zikomo. Zikomo, Emile! Ndinabwerera kunyumba ndikuimba. A Curtis anati ndi ukalamba umenewo, nkhuyu ikapsa imafewa. Tonse tinaiwala kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Lachisanu lina la mu Lenti ndinalibe kalasi masana, ndiye ndinati ndipite nawo kwa Vuwo ndikaone masewero aulere. Tinakhala patebulo lawo la pawindo. A Loc anabwera ndi mbale yawo, ine ndi yanga. Bambo anachedwako pang'ono. Pobwera, mbale yawo inali yodzaza ndi nkhanu yako yopenta, yosakaniza ndi mayonezi.

Ndinaganiza kuti ayambitsa msonkhano wa matukwano. Ndinakonzeka kale kuyang'ana pansi. Koma iwo anangokhala, nkutapa, nkutafuna bwinobwino, nkumeza. Anatapanso. Kenako, maso ali m'mbale, anati, "Nkhanu imeneyi ndi yabwino."

Foloko ya a Loc inaima m'malere. Shondra anali akundithirira tiyi wozizira, anathira mpaka anasefukira pa tebulo. A Loc anati, "Mwati chiyani, Kaputeni? Khutu langa la kuno linafa ndi injini." Bambo anabwereza mawu omwewo, nkuimirira kukatenganso ina.

Bambo ali komweko, a Loc anandiweramira nkunong'ona kuti, "Mwana wanga, makiyi a galimoto akhale pafupi."

Bambo atabwerera, a Loc anatulutsa kabotolo kaja, kukatsegula, nkukaika pansi penipeni pa mphuno yawo. Ine ndili mbali ina ya tebulo misozi inayamba kulengeza ndi fungo. Mayi wina wa tebulo la kuseri anatembenuka kuyang'ana pansi pa nsapato zake. Bambo anakanunkhiza kabotoloko, nkukanunkhizanso, nkufunsa kuti, "Ndi madzi?"

Sitinadikire zotsekemera.

Kuchipatala namwino wolandira anthu anafunsa kuti vuto ndi chiyani. Ine, mayi wa madigiri anga, ndinatsegula pakamwa nkumva ndikunena kuti, "Ayamikira chakudya." Namwinoyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nafunsa ngati wodwalayo ndi iwo kapena ine. A Loc anaonjezera kuti, "Simukumvetsa, amayi. Munthu uyu sanayamikirepo kanthu chibadwire. Tsiku la ukwati wake anati keke ndi youma." Bambo anali pampando, manja pamaondo, akumwetulira aliyense wodutsa. Kumwetulirako ndiye kunkandiopsa koposa zonse.

Dokotala poyamba naye anaseka. Koma nditamuuza za kabotolo, ndi za kufewa kwa miyezi yonseyi, kuseka kunatha. Anawafunsa ngati mutu umawawawa m'mawa. Anati inde, kuyambira kalekale, koma sanaone chifukwa chovutitsira anthu. Bambo athu, osafuna kuvutitsa anthu! Anawatumiza kukajambulitsa mutu.

Emile, khala pansi ngati waima. Anapeza chotupa, kukula kwake ngati nachesi, kuseri kwa mphuno, pansi pa ubongo wa kutsogolo. Si khansa. Werenganso pamenepo: si khansa. Ndi chotupa chokula pang'onopang'ono, mwina chakhalamo zaka. Chinayamba ndi kupha mphuno, kenako chinayamba kukanikiza mbali ya ubongo imene munthu amapsera mtima ndi kusamala zinthu. Dokotala akuti tikanachedwa, chikanafika pa mitsempha ya maso.

Chiyenera kuchotsedwa. Opaleshoni idzachitikira ku New Orleans, sabata yotsatira mwambo wodalitsa maboti. Dokotala wa kumeneko, mayi wodekha wa manja ang'onoang'ono, sanatinamize. Akuti ambiri amadzuka bwino, koma pa msinkhu wa Bambo, ndi mtima wawo uja, palibe angalumbire. Mphuno sidzabwerera. Khalidwe lawo lakale akuti mwina lidzabwerera lonse. Apa alamu ako a Curtis anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu nkufunsa ngati nkotheka kusiyako kachidutswa kakang'ono. Ndinawaponda phazi, koma dokotala anaseka mpaka kupukuta maso.

Ndiye ukaona ndikulemba za mafuta achikasu ndi miyendo yoonda ija, usaganize kuti ndikudandaula. Ndikuthokoza. Taganiza: chakudya cha kwa Vuwo chikanakhala chokoma ngati kale, Bambo nkunena kuti ndi chabwino, ndani akanadzidzimuka? Tikanati nkhalamba yavomereza choona mochedwa, nkupitiriza kudya. Chinawapulumutsa ndi kuipa kwa chakudyacho. Pali munthu kwinakwake mu ofesi yozizira, amene sanaonepo nyanja, amene anakhala pansi nkuganiza kuti achotse batala, achotse nkhono, adzaze chimbale ndi nkhanu yopenta. Munthu ameneyo ndamuyatsira kandulo kutchalitchi. Mulungu amagwiritsa ntchito ngakhale aumbombo.

Ndinapita ngakhale kwa woyang'anira malowo, kamnyamata ka tayi yopyapyala, nkumugwira dzanja ndi manja awiri. Ndinati chakudya chanu chapulumutsa moyo wa bambo anga. Anasangalala mpaka makutu kufiira. Anati ndi zimene amalimbikira tsiku ndi tsiku, ndipo anapempha ngati angaike mawu angawo pa chikwangwani. Sindinafune kumulongosolera. Munthu ukamathokoza, suthokoza ndi mafotokozedwe.

Podikira opaleshoni anawapatsa mapiritsi ophwetsa kutupa kozungulira chotupacho. Sipanapite nthawi, nkhalamba yathu inayamba kutulukira ngati mwala madzi akamaphwa. Anayamba ndi kutukwana neba wa galimoto uja. Kenako bambo mfumu, akuti ulaliki wawo uli ngati khoka long'ambika, lalitali koma losagwira kanthu. Tsiku limene ananena kuti msuzi wanga ukukoma ngati madzi otsukira mbale ndinalira ndi chimwemwe, nkuwapsompsona pa dazi. Anati ndichoke, ndikuwadetsa.

Tsopano ndafika pa chimene ndakulemberadi.

Lachisanu lapitali tinapitanso kwa Vuwo, atatu tomwe tija. Shirimpi anaitukwana bwinobwino, poti mphuno palibe anaiweruza ndi maso, akuti yatuwa ngati chala cha munthu womira. Shondra anaomba m'manja nkuti, "Mwabwerako, Kaputeni! Tinakusowani." Mtima wanga unakhala pansi.

Kenako anaimirira, kupita ku chimbale chija, nkubwera atadzazanso mbale ndi nkhanu yopenta.

Ine ndinagwira makiyi a galimoto. A Loc anayamba kale kufufuza chipewa chawo. Bambo anatiyang'ana wina ndi wina, nkumenya tebulo ndi chikhatho. Amvekere, "Khalani pansi, zitsiru inu! Yafa ndi mphuno, mano ndi lilime zilipo. Moyo wanga wonse panyanja, ndingalephere kusiyanitsa nkhanu ndi labala?"

Ndinati nanga tsiku lija?

Anati tsiku lijanso ankadziwa chimene akudya. Akuti kalekale anamutuma Shondra kuti akafunse kukhitchini kumene zinthuzi zimachokera, ndipo anabwera ndi dzina la tauni yako. Shondra anavomera ndi mutu, ali chiimire ndi jagi yake. Akuti kuyambira pamenepo ankachidutsa chimbalecho mwakachetechete, osachitukwana, koma ife anthu ophunzira sitinaone. Tinkangomva zimene akunena, osamva zimene aleka kunena.

Ndikulemba mawu awo monga anawanenera, chifukwa ndi ako, si anga. Anati, "Mwana wanga amadzuka m'chisanu chimene iwe Loc ungafe nacho tsiku limodzi, kukaima pa makina mpaka miyendo kuuma. Nsomba imene kale ankaitaya, iye amaisandutsa chakudya. Mulibe minga, mulibe chigoba, mwana akhoza kudya, nkhalamba ikhoza kudya. Nkhanu si nkhanu, zoona. Koma ndi ntchito, ndipo waigwira bwino. Ndinati ndi yabwino chifukwa ndi yabwino. Kamodzi kokha m'moyo wanga ndanena chabwino, inu nkundithamangitsira kuchipatala!"

A Loc anatulutsa kabotolo kaja m'thumba. Kenako anafunsa kuti, "Nanga kabotolo kanga?" Bambo anati, "Kabotolo kako ndiye sindinakamvedi, ndipo ndi dalitso lokhalo limene matendawa andibweretsera."

Tinaseka mpaka anthu kutembenuka. Ine ndinaseka mpaka kuseka kunasanduka china, ndinapita kukasamba kumaso.

Nditabwerera ndinawaikira foni patsogolo. Ndinati muimbireni, mumuuze zomwe mwatiuzazi. Anaikankha ndi chala chimodzi ngati nsomba yovunda. Anati, "Ayi. Ndikamuuza tsopano adzati ndi chotupa chikuyankhula. Inuyo munatero, iye angalekerenji? Umuuze adzabwere akachichotsa. Ndidzamuuza ndili ndi mtima wanga wakale, ndikutukwana, kuti adziwe kuti ndine."

Ndinati, nanga mukapanda kudzuka, Bambo?

Anati, "Ndiye kuti wapulumuka mtengo wa ndege." Atatero anatembenukira kuwindo nkuyamba kuwerengera maboti zolakwa zawo, ili lapentedwa moipa, ilo mwini wake sadziwa kumanga chingwe. Koma chakudya chako anachimaliza chonse, mpaka kupukuta mbale ndi buledi.

Ndiye uthenga wawo ndi umenewo, ndaupereka: udzabwere pambuyo pa opaleshoni.

Tsopano wanga. Usawamvere. Wakhala zaka zonsezi osawamvera, usayambe lero. Bwera isanachitike.

Ndikudziwa funso limene lili m'mutu mwako, chifukwa nanenso landisowetsa mtendere. Kodi munthu amene anadzaza mbale tsiku loyamba lija anali Bambo, kapena chinali chotupa? Mwina mawuwo anali nawo kalekale, chotupa chinangomasula chitseko. Mwina popanda icho akanafa nawo m'kamwa. Ndinamufunsa dokotala kuti chotupa chimathera pati, bambo anga nkuyambira pati. Anati makina awo sajambula zimenezo. Chimene ndikudziwa ine ndi ichi: Lachisanu lapitali anatukwana shirimpi, anatukwana a Loc, ananditcha chitsiru, ndipo m'mpweya womwewo anati ntchito yako ndi yabwino. Chotupa sichitukwana, Emile. Amene uja anali Bambo.

Nyengo yanu yoyamba ya nsomba yatha, yachiwiri siyamba mpaka mu Juni, Tasha anandiuza. Ndiye za ntchito usandiuze. Bwera pa mwambo wodalitsa maboti. Mwana wa a Loc wavomera kutitenga tonse m'boti lake, tikadutse pamaso pa bambo mfumu atiwaze madzi, tikaone nkhata ya maluwa ikuponyedwa m'nyanja kukumbukira asodzi amene anapita. Amayi a kuholo yathu ya anthu ochokera ku Croatia adzakazinga timandasi tawo ta zipatso tija, timene unkaba m'thireyi tisanazizire. Ukatero ukhale mpaka opaleshoni ichitike. Akadzuka, udzamva mawuwo kawiri, kachiwiriko ndi matukwano ake, monga akufunira. Akapanda kudzuka, udzakhala utawamva kamodzi. Ine sindikufuna kudzakhala munthu yekhayo wokuuza zimene bambo ako ananena za iwe. Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndikudziwa mmene nkhani yongomva kwa ena imachepera mphamvu.

Koma ndikuchenjeze, usadzabwere ukuyembekezera mawu akuti pepa. Mawu amenewo m'kamwa mwawo mulibe, ngakhale dokotala atsegule mutu wonse sadzawapeza. Chimene adzachite ndi ichi: adzapita ku chimbale chija, adzadzaza mbale, adzakhala moyang'anana nawe nkumatafuna. Mwina adzanena kuti mukuchulutsa utoto. Ukadzamva zimenezo, udzadziwe kuti wapepesedwa, ndipo udzadye nawo.

Palinso china chofulumizitsa. Chakudya cha kwa Vuwo chikutsekedwa kumapeto kwa Juni. Akuti pamalopo aikapo makanema akuluakulu a anthu obetcha mpira. Shondra apita ku mbali ya hotela. A Loc akuti sakudziwa kumene azikatukwanira, mwina kutchalitchi. Ndinkaganiza kuti tsiku lotseka malo amenewa ndidzavina, koma taona, ndikumva chisoni ngati akugwetsa chipatala chimene ndinabadwiramo. Ndamupempha Shondra atisungire tebulo la pawindo Lachisanu la sabata ya maboti, ndi kampando kakatali ka Willa. Batala ndibweretsa ndekha m'chikwama, a Loc asakhale okha ozembetsa katundu.

Chipinda chako kwa Bambo chilipo, ndachotsamo makoka akale ndi injini theka imene ankati adzaikonza. Ngati sukufuna kugona kumeneko, kwathu malo alipo, a Curtis adzakondwa kupeza munthu wometa udzu.

Undiperekere moni kwa Tasha, umuuze kuti ndikuthokoza chifukwa chowongola pepalali. Willa umupsompsone masaya onse awiri, umuuze kuti ali ndi agogo aamuna amene amaluma kuposa iye. A Curtis akupereka moni. A Loc akuti ubwere ndi nkhanu yeniyeni ya kwanuko, imodzi yokha, aione asanafe. Ambuye akusunge pa makina akowo, akusungire zala zako, ndipo akufewetse mtima pang'ono pokha, osati mpaka tikakujambulitse mutu.

Ndimati ndithere pamenepa, koma ndikulembera patebulo la kukhitchini kwa Bambo, ndipo angolowa kumene kuchokera pakhonde. Afunsa kuti ndikulembera ndani chikalata chotalika ngati ulaliki. Ndati Emile. Akuti, "Wamuuza kuti adzabwere pambuyo?" Ndati ndamuuza zimene munanena, ndamuuzanso zimene ndikufuna ine. Akuti ndine wamakani ngati mayi anga.

Aima pakhomo, akuyang'ana kunja. Akuti ndikuuze kuti kuno kwayamba kale kutentha, mwanayo usadzamubweretse utamuveka ngati chimbalangondo.

Tsopano avala chipewa. Akuti ndimate msanga envelopu akaponye okha, positi ofesi imatseka msanga ndipo ine ndimayendetsa galimoto ngati ndanyamula mazira. Ndiye ukaona chidindo cha chala chamafuta pakona, usachipukute. Ndi chawo.

Ndine mlongo wako wokukonda, amene akukudikira pawindo la kwa Vuwo,

Corinne